Gasi wa ndowe: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kumanga thanki

Nkhani ya gasi wa ndowe, amene ambiri timangoti bayogasi, si yachilendo kuno kwathu. Mathanki ake alipo m'masukulu ena, m'ndende ndi pamakomo a alimi a ng'ombe za mkaka. Ena akuyaka bwinobwino, koma angapo ndawapeza atamera udzu pamwamba, eni ake atabwerera kunkhuni. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri ndikamacheza ndi alimi, amisiri omanga ndi ophunzira za sayansi. Ena ndawayankha mwachidule. Pa ena ndachedwapo, makamaka pamene ndikuona kuti mathanki amafera pomwepo.

Kodi gasi ameneyu amachokera kuti?

Amachokera m'kuwola kwa zinthu pamalo opanda mpweya wa okosijeni. Ngati munapondapo matope a m'dambo n'kuona tithovu tikutuluka, gasi wake ndi yemweyo. Alessandro Volta wa ku Italy, yemwe dzina lake timalitchula tikamati mavoti a batire, anatapa gasi wa m'matope a nyanja ya Maggiore mu 1776 n'kupeza kuti amayaka. Mbali imene imayakayo ndi methane, ndipo mu gasi wa ndowe imakhala pakati pa 50 ndi 70 pa 100 iliyonse. Yotsalayo kwambiri ndi carbon dioxide, yemwe sayaka, kuphatikizapo chinyontho ndi kampweya pang'ono ka hydrogen sulphide konunkha ngati dzira lowola.

Thanki ndi chifu cha ng'ombe chomangidwa ndi njerwa. Ng'ombe imabzikula n'kugeya methane tsiku lonse chifukwa m'chifu mwake muli tizamoyo tomwe timagaya udzu. Ikachita ndowe, tizamoyo tina timatuluka nazo, n'chifukwa chake ndowe zaziwisi za ng'ombe ndizo zabwino poyambira thanki yatsopano.

Tizamoyo timeneti ndi totani, ndipo timagwira bwanji ntchito?

Apa ndi pofunika kumvetsa, chifukwa mavuto ambiri a thanki amayambira apa. Si mtundu umodzi wa tizamoyo ayi. Ndi magulu angapo olandizana ntchito. Gulu loyamba limaphwanya zinthu zolimba monga ulusi wa udzu, mafuta ndi mapuloteni kuti zisungunuke. Lachiwiri limadya zosungunukazo n'kutulutsa maasidi, monga zimakhalira thobwa likamasasa. Lachitatu limasandutsa maasidiwo kukhala asidi wa mu viniga, haidrojeni ndi carbon dioxide. Kenako gulu lomaliza limadya zimenezi n'kutulutsa methane.

Gulu lomalizali ndi lofooka, losachedwa kufa. Kale asayansi ankaliika pamodzi ndi mabakiteriya, koma mu 1977 Carl Woese wa ku America anasonyeza kuti ndi mtundu winawina wa zamoyo, umene tsopano umatchedwa archaea. Tizamoyo timeneti timafa tikakhudzana ndi okosijeni, sitifuna malo owawasa, ndipo timaswana pang'onopang'ono. Anzawo opanga asidi aja amachulukana m'maola ochepa, pamene opanga methane ena amatenga masiku. Ndiye taganizani munthu wathira m'thanki zidebe za gaga, nsima yotsala ku ukwati ndi mango owola tsiku limodzi. Opanga asidi achita phwando, asidi wachuluka, opanga methane afooka, gasi wasiya. Mwini wake amaganiza kuti thanki yamva njala, amawonjezeranso chakudya, n'kuipheratu.

Muyeso wa kuwawasa umatchedwa pH. Thanki yathanzi imakhala pafupi ndi 7. Ikatsika pansi pa 6.5 mavuto ayamba. Timapepala toyezera pH n'totsika mtengo, koma ngakhale mphuno imakuuzani: zotuluka m'thanki yabwino sizinunkha kwenikweni, pamene za m'thanki yosasa zimanunkha mowawasa. Zikatero lekani kuidyetsa kwa masiku angapo, kenako muthiremo ndowe zaziwisi za ng'ombe kapena zotuluka m'thanki ya mnzanu imene ikuyaka bwino.

Pakufunika ng'ombe zingati?

Werengani ndowe, osati ng'ombe. Kilogalamu imodzi ya ndowe zaziwisi za ng'ombe imatulutsa malita a gasi pafupifupi 35 mpaka 40. Mbaula ya gasi ya moto umodzi imadya malita pakati pa 200 ndi 450 pa ola, kutengera kukula kwake. Banja lophika katatu pa tsiku lingafune malita 1,000 kapena kuposa, kutanthauza makilogalamu 25 mpaka 40 a ndowe tsiku ndi tsiku, osadumphitsa.

Mlimi wa ku Thyolo, Mulanje kapena Chiradzulu amene ali ndi ng'ombe ziwiri kapena zitatu za mkaka zodyera m'khola akhoza kukwanitsa, makamaka ngati pansi pa khola ndi pasimenti. Koma amene ali ndi ng'ombe khumi zachikuda zokadya kudambo angadabwe kuti ndowe sizikukwana, chifukwa zambiri zimatsala kubusa, ndipo za usiku zimapondedwa n'kusakanikirana ndi dothi. Dothi ndi mchenga zikalowa m'thanki zimakhazikika pansi n'kumadya malo chaka ndi chaka.

Musaiwale madzi. Ndowe zimasakanizidwa ndi madzi muyezo wofanana, chidebe cha ndowe chidebe cha madzi, mpaka zikhale ngati phala. Ngati mjigo uli kutali, funsani kaye amene azikatunga madziwo mu Okutobala. Nthawi zambiri amene amavomera kumanga thanki ndi bambo, koma wosenza madzi ndi mayi kapena ana. Mkodzo wa ng'ombe ukhoza kulowa m'malo mwa madzi ena ngati khola lili ndi ngalande yolowera kuthanki.

Tadzaza thanki, padutsa sabata, koma gasi sakuyaka. Yalakwika?

Mwina ayi. Gasi woyamba amakhala ndi carbon dioxide wambiri, ndiye amazimitsa machesi m'malo moyaka. Mtulutseni panja kawiri kapena katatu, kutali ndi moto. Opanga methane akachulukana, pakatha masabata awiri mpaka anayi, mudzaona lawi la buluu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

N'chifukwa chiyani gasi amachepa mu Juni ndi Julaye?

Tizamoyo tija timakonda kutentha kwa madigiri 35 mpaka 38, koyandikira kwa m'mimba mwa ng'ombe. Kukamazizira timachita ulesi, ndipo pansi pa madigiri 15 ntchito imangotsala pang'ono kuima. Thanki ya ku Nsanje kapena ku Chikwawa ndi ya ku Dedza sizingafanane ngakhale zitadya ndowe zofanana. Kumalo ozizira thanki iyenera kukhala yokulirapo kuti ndowe zizikhalitsamo, masiku 60 kapena kuposa, pamene kotentha masiku 40 akhoza kukwana. Kukwirira thanki pansi kumathandiza chifukwa dothi silizizira msanga ngati mpweya wa chiperoni. Ena amasakaniza ndowe masana ndi madzi amene akhala padzuwa, m'malo mothira madzi ozizira a m'mamawa. N'zazing'ono koma zimasintha zinthu.

Thanki yabwino ndi iti: ya njerwa, ya chitsulo kapena ya pulasitiki?

Mitundu itatu yonseyi ili ndi kwawo. Ya njerwa yokhala ndi denga lozungulira ngati mphika wovundikira inafala kwambiri ku China, komwe mabanja mamiliyoni ambiri anamanga. Ku India anaikonza n'kutulutsa mtundu wotchedwa Deenbandhu m'zaka za m'ma 1980, ndipo ku Arusha, m'dziko la Tanzania, bungwe la CAMARTEC linapanga mtundu wake umene wafalikira m'mayiko a kuno. Ilibe chitsulo choyenda, imakhala pansi pa nthaka, ndipo ikamangidwa bwino imatha zaka 20. Vuto lake ndi mawu akuti "ikamangidwa bwino" amenewo.

Ya chitsulo inachokera ku India. Ili ndi mgolo wovundikira umene umakwera gasi akachuluka n'kutsika akamagwiritsidwa ntchito, ndiye mumaona ndi maso kuti gasi watsala wochuluka bwanji. Koma chitsulo chokhala m'chinyontho ndi mpweya wa sulphur (hydrogen sulphide uja) chimachita dzimbiri msanga. Chimafuna penti chaka chilichonse, ndipo ndi ochepa amene amakumbukira.

Ya pulasitiki ndi chithumba chachitali chogonekedwa m'ngalande, monga amachitira alimi a ku Vietnam ndi ku Colombia. Ndi yotsika mtengo, imaikidwa tsiku limodzi, imafunda msanga ndi dzuwa. Adani ake ndi dzuwa lomwelo, limene limaumitsa pulasitiki mpaka kuthetheka, komanso mbuzi, makoswe ndi mwana wokhala ndi kamtengo kosongoka. Popanda mpanda ndi kadenga, musayembekezere zaka zambiri.

Ine ndikafunsidwa ndimayamba ndafunsa za dothi. Pa dothi la makande, limene limafufuma ndi mvula n'kung'aluka m'chilimwe, thanki ya njerwa imasweka mosavuta ngati maziko sanalimbitsidwe. Ndipo pali kankhani kena kochititsa manyazi: timamanga thanki kuti tipulumutse mitengo, koma njerwa zake taotcha ndi mitengo yomweyo. Kuyambira mu 2018 malamulo a dziko lino amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga zikuluzikulu, choncho funso loti denga lozungulira lingamangidwe bwanji ndi mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi zosakaniza ndi simenti n'kusunga gasi ndi funso lenileni la akafukufuku a zomangira.

Mmisiri wathu amamanga mathanki a madzi osadontha. Sangamange imeneyi?

Angamange, koma aphunzire kaye. Khoma losunga madzi si kuti lisunganso gasi. Pulasitala wa simenti ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi sadutsa, koma gasi amapeza njira. N'chifukwa chake mkati mwa denga mumapakidwa pulasitala kangapo, mopyapyala, mchenga wake wosefa bwino ndi wopanda dothi, kenako simenti yosakaniza ndi penti ya akiliriki pomaliza. Khomalo liyenera kuthiriridwa madzi kwa sabata kapena kuposa kuti simenti ikhwime. Apa ndi pamene amisiri othamangira ntchito ina amadulira njira, ndipo mng'alu waung'ono ngati tsitsi umadzaoneka patapita miyezi, mwini thanki atalipira kale.

Musanathire ndowe, yesani. Tengani paipi yoonekera mkati, ipindeni ngati chilembo cha U, thiranimo madzi, ilumikizeni kupaipi ya gasi. Tsekani potulukira ponse, popani mpweya m'thanki mpaka madzi a mbali imodzi akwere, lembani chizindikiro ndi makala, n'kusiya usiku wonse. Mukapeza m'mawa madzi abwerera pansi, thanki ikutaya. Polumikizira mapaipi pakani thovu la sopo. Pamene pakutuluka gasi pamachita tithovu. Mmisiri wokana kuyesa kotere asalandire ndalama yomaliza.

Gasi wotayika si kuluza kwa mwini yekha. Methane amasunga kutentha m'mlengalenga kuposa carbon dioxide pafupifupi ka 28 pa zaka 100, ndiye thanki yodontha ikhoza kuwononga zimene inabwera kudzakonza.

Gasi alipo, koma moto ukungophethira n'kuzima. Chavuta n'chiyani?

Yang'anani madzi m'paipi. Gasi amatuluka m'thanki ali wofunda ndi wachinyontho. Akamayenda m'paipi yozizira, chinyonthocho chimasanduka madontho n'kukasonkhana pamene paipi yatsika kwambiri.

Ndinafikapo pasukulu ina yogonera pomwepo, pamene thanki inali itakhala miyezi yambiri osagwira ntchito. Ophika anali atabwerera kunkhuni, ndipo aliyense ankati tizilombo tinafa. Titatsegula mbaula tinamva kulira kwa "gudugudu" m'paipi, ngati munthu akuyamwa thobwa lotsalira ndi kapaipi. Tinatsata paipiyo mpaka pamene inadutsa pansi pa kanjira. Titakumba n'kudula, munatuluka madzi osakwana botolo la Fanta. Madzulo omwewo nyemba zinaphikidwa pa gasi. Amene anamanga sanaike kotulutsira madzi, ndipo sanasiye ngakhale munthu mmodzi wodziwa kuti chinthu choterocho chimafunika.

Paipi iziyenda motsetsereka pang'ono, ndipo potsika kwambiri pakhale kampopi kotulutsira madzi, kotsegulidwa sabata iliyonse. Timabowo ta mbaula natonso timatsekeka ndi phala losefukira. Kawaya kakang'ono kamathetsa nkhaniyo.

Nanga fungo, ndi miphika yochita dzimbiri?

Gasi akamayaka bwino sanunkha ndipo nsima siimva kanthu. Fungo la dzira lowola ndi la hydrogen sulphide, ndipo limachuluka ngati mukugwiritsa ntchito ndowe za nkhumba kapena zitosi za nkhuku. Mpweya umenewu ukakumana ndi chinyontho umadya zitsulo: mbaula, malata a kukhitchini, mavavu a kopa. Njira yosavuta ndiyo kudutsitsa gasi m'kachidebe kotsekeka bwino kodzaza ndi sitiliwulu wadzimbiri kapena zipalapala za chitsulo za kwa owotcherera. Dzimbirilo limagwira sulphur n'kuda bii. Likada, lisintheni. Chenjerani potaya: zikakumana ndi mpweya zimatentha zokha, choncho muziyanike panja pa dothi, kutali ndi udzu.

Kodi tingamuike m'masilinda n'kumagulitsa ngati gasi wa kusitolo?

Ayi, osati pakhomo. Gasi wa m'masilinda, LPG, amasanduka madzi akapanikizidwa pang'ono, n'chifukwa chake wambiri amalowa m'silinda yaing'ono. Methane sasanduka madzi pa kutentha kwa masiku onse ngakhale mutam'panikiza chotani. Amafuna kuzizira kofika madigiri 162 pansi pa ziro. Mafakitale akuluakulu amachotsa carbon dioxide n'kupanikiza methane ndi makina amphamvu m'masilinda apadera, koma ndalama zake si za pakhomo. Mbaula ya LPG nayonso siyaka bwino ndi gasi wa ndowe pokhapokha kabowo kotulukira gasi katakuzidwa.

Angayatse magetsi?

Angayatse, kudzera mu jenereta yosinthidwa, koma werengerani. Malita 1,000 a gasi ali ndi mphamvu ya kutentha yofanana ndi mayunitsi 6 a magetsi. Jenereta yaing'ono imabweza mayunitsi awiri okha, mwinanso osakwana. Yotsalayo imathera m'kutentha ndi phokoso. Sulphur uja akapanda kuchotsedwa amawononga injini. Pakhomo, gasi aphikire, magetsi a mababu ndi foni achokere ku sola. Jenereta imamveka pafamu yaikulu ya nkhumba kapena ya ng'ombe pamene gasi akuchita kutsala.

Kodi thanki singaphulike?

M'kati mwa thanki yogwira ntchito mulibe okosijeni, ndiye moto sungayakemo. Ngozi imakhalapo methane akasakanikirana ndi mpweya wamba pa mlingo wa pakati pa 5 ndi 15 pa 100, monga m'khitchini yotseka mmene paipi ikutaya, kapena m'thanki imene yangokhuthulidwa. Methane ndi wopepuka kuposa mpweya, amakwera m'mwamba, choncho khitchini ikhale ndi potulukira mpweya chakudenga.

Choopsa kwambiri ndi kulowa m'thanki kukakonza. Mulibe mpweya wopuma, ndipo hydrogen sulphide akachuluka amapha mphuno, munthu osamvanso fungo, kenako n'kukomoka. Wolowa kukapulumutsa mnzake amagweranso momwemo. Thanki ikhale yotsegula masiku angapo, mpweya upopedwemo, wolowa amangidwe chingwe, anthu awiri akhale pamwamba. Musayese ndi nyali ya moto kapena fodya.

Tingalumikize chimbudzi?

N'zotheka, ndipo m'malo a anthu ambiri n'zopindulitsa. Ku Rwanda, ndende zitadzaza pambuyo pa kuphana kwa mu 1994, akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya sayansi ya KIST ku Kigali anamanga mathanki akuluakulu odya zotuluka m'zimbudzi za akaidi. Zinachepetsa nkhuni ndi uve womwe, ndipo ntchitoyo inalandira mphotho ya Ashden mu 2005. Pakhomo la anthu asanu chimbudzi chokha sichingaphikitse nsima. Chimangowonjezera pa ndowe.

Zinthu ziwiri muzisamale. Mankhwala otsukira m'chimbudzi, sopo wambiri, madzi a dibi ndi ndowe za ng'ombe imene ikubayidwa mankhwala opha mabakiteriya, zonsezi zimapha tizamoyo ta m'thanki. Chachiwiri, musamve zoti thanki imapha majeremusi onse. Ambiri amafa, inde, koma mazira a njoka za m'mimba ndi olimba, amatha kutuluka amoyo. Zotuluka m'thanki yolumikizidwa ku chimbudzi ziyambe zaunjikidwa pa kompositi kwa miyezi ingapo, ndipo zisapite pa ndiwo zodya zosaphika.

Kodi zotuluka m'thanki ndi manyowa abwinodi?

Inde. Tizamoyo timatenga kaboni n'kupanga gasi, koma nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu zimatsala, ndipo nayitrojeni wambiri amakhala wasanduka mtundu umene mbewu zimayamwa msanga. Koma nayitrojeni yemweyo amathawa mosavuta: mukasiya phalalo padzuwa kuti liume, wambiri amauluka. Lithireni m'munda likadali lamadzi n'kukwirira, kapena lisungeni m'dzenje la mthunzi losakaniza ndi mapesi ndi udzu wouma. Kwa alimi ena a nthochi ndi masamba, phindu la manyowa limaposa la gasi.

Akafukufuku amadziwa bwanji kuti chinthu chakuti chitulutsa gasi wochuluka chotani?

Zida zake si zodabwitsa. Amatenga chinthucho, kaya ndi makoko a chinangwa, zinyalala za pamsika kapena namasupuni wa mu Shire, n'kuchiumitsa pa madigiri 105 kuti adziwe madzi ake. Kenako amachiotcha pa madigiri 550. Chimene chapsa ndicho chakudya cha tizamoyo, phulusa lotsala ndi lopanda ntchito. Akatero amaika muyezo wodziwika m'mabotolo, n'kuthiramo zotuluka m'thanki yamoyo ngati mbewu, kutseka ndi rabala, n'kuimika mabotolowo m'madzi ofunda madigiri 35 mpaka 37 kwa mwezi kapena kuposa. Botolo limodzi limakhala ndi mbewu yokhayo, kuti gasi wake adzachotsedwe powerengera. Tsiku lililonse wophunzira amayeza gasi poona madzi amene gasiyo wakankha m'botolo lina lozondoka. Akadutsitsa gasiyo m'madzi a kositiki soda, carbon dioxide amagwidwa, wotsalayo ndi methane.

Mwa njira imeneyi anapeza kuti tizamoyo timafuna kaboni wochuluka ka 20 mpaka 30 kuposa nayitrojeni. Zitosi za nkhuku zili ndi nayitrojeni wambiri, mapesi ali ndi kaboni wambiri. Pazokha zimavuta, pophatikiza zimayenda. Koma botolo la mu labotale silidziwa chiperoni, silidziwa kuti mwana wotuma watopa. Zotsatira za m'botolo nthawi zonse zimaposa za pakhomo.

Kodi zimenezi n'zofanana ndi ethanol wa ku Dwangwa?

Ndi pachibale chabe. Ethanol amapangidwa ndi yisiti imene imadya shuga wotsalira mu molasesi, kenako n'kutchezedwa, monga zimakhalira ndi kachasu. Dziko lino lakhala likupanga ethanol ku Dwangwa kuyambira mu 1982, ndipo PressCane ku Chikwawa inayamba mu 2004. Ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo. Pokumanira pake ndi apa: madzi akuda otsala potcheza ethanol ali ndi chakudya chambiri cha tizamoyo topanga methane, ndipo m'mayiko olima nzimbe monga India ndi Brazil mafakitale ena amapangira gasi madzi amenewo.

Ndani akufufuza zimenezi kuno kwathu, ndipo chikusowa n'chiyani?

Yunivesite ya Mzuzu yakhala ikuphunzitsa za mphamvu zongowonjezereka kwa zaka zambiri. Ku MUBAS ku Blantyre kuli mainjiniya a zomangamanga ndi makina, ku LUANAR ku Bunda kuli a zaulimi ndi ziweto, ndipo ku MUST ku Thyolo kuli a zomangira ndi a tizamoyo. Chifukwa chofufuzira n'chodziwika: kalembera wa mu 2018 anasonyeza kuti mabanja opitirira 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala.

Chimene ine ndimalakalaka si thanki ya mtundu watsopano. Ndi wophunzira amene angatenge njinga, timapepala ta pH, paipi ya U ndi kope, n'kuyendera mathanki onse amene anamangidwa m'boma limodzi zaka khumi zapitazo, n'kulemba kuti iyi yafa ndi mng'alu, iyi ili ndi madzi m'paipi, iyi ng'ombe zinagulitsidwa nthawi ya njala, iyi mjigo unawonongeka. Pafunikanso woyesa mchenga wa m'mitsinje yathu ndi penti zopezeka m'mahadiweya a pa boma kuti tidziwe zimene zimasungadi gasi, ndi wopanga mbaula ya gasi yokhazikika bwino, yoti mayi athe kuvundulirapo nsima ya anthu asanu ndi atatu mphika osagwedera. Mbaula zambiri zimene zimabwera ndi mathanki zinapangidwira mpunga ndi tiyi.